Mlendo wa Masana pa Kamera ya Bambo

1

Ntchito yanga ndi yotsekera anthu kunja. Ena amatseka ndi loko, ine ndimatseka ndi kompyuta. Pakampani yomwe ndimagwira, ndine amene ndimanena kuti uyu alowe m'makompyuta a ofesi, uyu asalowe. Munthu akachotsedwa ntchito m'mawa, asanamalize n'komwe kutsika masitepe ndimakhala nditamutsekera kale. Anzanga amanditcha Alonda, ndipo sindikwiya chifukwa sanama.

Chaka chino ndatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Mwina ndikaitaya pano nkhaniyi ndipumako.

Tinabadwa atatu, koma kwathu tikamawerengana timathera pa awiri: ine mwana wamkazi woyamba ndi mlongo wanga wamwamuna. Za wachitatuyo musandifunse msanga, ndifikako.

Bambo anali mmisiri wowotcherera zitsulo. Shopu yawo inakula mpaka kukhala ndi antchito, kaofesi ndi kompyuta yake, koma phokoso la makina linawadya makutu. Kuti akumve, unkachita kukuwa mpaka aneba kutulukira pawindo. Kenako sitiroko inawagwetsa. Inawalanda mbali yakumanja ndi mawu omwe, n'kuwasiyira maso okha. Mlongo wanga anatenga shopu, Amayi anatenga udindo wa pabedi, ine amene ndinali nditabwerera kudzakhala pakhomo ukwati wanga utatha ndinatenga zotsala zonse: mankhwala, madokotala, matewera. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Kuti tisamangokhala ndi nkhawa kuntchito, ndinakhomera kamera pamwamba pa chitseko cha chipinda chawo, moyang'anizana ndi bedi. Ndinailumikiza ku kompyuta ya kushopu kuja, yomwe inali kale ndi maakaunti. Aliyense wa ife ankatha kulowa pafoni ndi dzina lake ndi pasiwedi, n'kuwaona Bambo ali kulikonse. Munthu akalowa, kanyali kobiriwira pansi pa kamera kankayaka. Akatuluka kankazima.

"Ndiye kuti muzindionera ine ndikusintha nsalu?" anafunsa Amayi tsiku lomwe ndinkaikhoma.

"Ndi ana anu omwe, Amayi. Palibe wina angalowe."

Anangokayang'ana kanyali kaja nthawi yaitali.

2

Kompyuta siiwala mlendo. Aliyense wolowa imamulemba: dzina, tsiku ndi nthawi. Patapita miyezi, tsiku lina ndikudya pa desiki, ndinati ndione ngati mlongo wanga amalowadi monga ankadzitamira.

Dzina lake ndinachita kulifunafuna. Langa nalonso, ndisaname, linali la apo ndi apo. Koma panali dzina lina lodzaza tsamba lonse: ofesi2. Tsiku lililonse, Lamlungu lomwe, nthawi ya nkhomaliro, ofesi2 ankalowa, n'kukhala mpaka nthawi yopuma itatha, n'kutuluka. Munthu wosadziwika ankayang'ana bambo anga akudyetsedwa ngati khanda, dovu likutsika pachibwano.

Ndinamuimbira mlongo wanga.

"Ofesi2 ndi ndani kushopu kwanuko?"

"Ofesi chani? Achemwali, ine makompyuta anuwo sindiwadziwa. Maakaunti amenewo anaika ndi munthu wina kalekale, inu muli kubanja."

"Pali munthu akuwaonerera Bambo masana alionse."

Kumbuyo kwake chitsulo chinkalira. "Ndi mmodzi wa aja tinawachotsa ntchito, ndithu. Akufuna aone ngati mdala watsala pang'ono, azikafalitsa. Mutsekereni, nanga si ndinu Alonda?"

Njira zotsekera zilipo ziwiri. Pali mndandanda wa oletsedwa: umalembapo dzina la amene sukumufuna, ena onse n'kumalowa. Palinso mndandanda wa ololedwa: umalembapo okhawo amene ukuwafuna, wina aliyense n'kutsalira panja. Tsiku limenelo ndinali pa changu, choncho ndinangolemba ofesi2 pa oletsedwa n'kubwerera ku chakudya changa chomwe chinali chitazizira.

Kumapeto kwa sabata mtima sunakhazikikebe. Nanga akapeza akaunti ina yakale? Ndinapanganso mndandanda wa ololedwa, n'kulembapo mayina awiri, langa ndi la mlongo wanga. Ndinadziyamikira ndekha kuti ndagwira ntchito yaukhondo. Amayi sindinawauze, poti ndinkati ndisawaopseze ndi nkhani ya anthu osuzumira.

3

Bambo anayamba kukana chakudya.

Poyamba tinkati ndi mankhwala atsopano. Dokotala anabwera, anapima apa ndi apo, n'kunena kuti saona chachilendo. Tinasintha zophika, tinagula zipatso, mlongo wanga anabweretsa mpaka timabotolo ta zakumwa zopatsa mphamvu. Supuni ikafika pamlomo, Bambo ankaluma mano, maso ali m'mwamba cha kuchitseko. Ine ndinkaganiza kuti akuyang'ana kudenga monga amachitira odwala otopa.

"Ababa, idyani!" ndinkakuwa m'khutu mwawo. "Mukufuna kutipha ndi nkhawa?"

Sankanditembenukira n'komwe.

Amayi nawo anasintha. Makapu ankawapulumuka m'manja. Foni yawo ya mabatani, yomwe kale inkangogona pawindo, inayamba kugona m'thumba la diresi. Ikalira ankathamangira nayo kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala, n'kubwerako maso ali psuu.

"Ndani ameneyo?"

"Anzanga a kutchalitchi. Akufunsa za odwala."

Tsiku lina madzulo anandifunsa, akupukuta mbale yomwe inali youma kale: "Kodi makina ako aja sanaonongeke? Kanyali kaja sikakuyakatu masiku ano."

"Ali bwinobwino. Kungoti ife awirife tatanganidwa."

"Oho," anatero, n'kupitiriza kupukuta mbale ija.

Kuofesi ndinkatsegula zolemba za kompyuta ija. Ofesi2 sanagwe mphwayi. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankayesa, wakanidwa, ankayesanso, wakanidwa, mpaka nthawi yopuma kutha. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinkaseka ndekha n'kumati gogoda m'bale wanga, chitseko ichi anakhoma ndi katswiri. Pamene ndinkaseka choncho, Bambo anali akutha. Mkono umene unkanyamula chitsulo cha geti pawokha unatsala fupa lokutidwa ndi khungu.

4

Loweruka lina ndinali pakhomo. Funso la Amayi lija linandibwerera, ndipo ndinati ndiyese ngati kamera ikugwiradi ntchito. Ndinali pabalaza, dzuwa lili paliwombo. Ndinalowa pafoni ndi dzina langa.

Chithunzi chinabwera. Bambo ali gone, Amayi ali pampando ndi mbale ya supu yomwe yakanidwa kale. Kenako ndinaona chinthu chomwe ndinali ndisanachione chidwalireni Bambo. Nkhope yawo inatseguka. Mbali yamoyo ya pakamwa inakwera m'mwamba, dzanja lamanzere linadzuka pabulangete n'kumagwedezeka molozera kamera. Kuchokera kuchipinda ndinamva mawu awo, osamveka tanthauzo koma achimwemwe.

Amayi anatembenuka, anaona kanyali, mbale inatsala pang'ono kugwa. Anapisa dzanja pansi pa matiresi, n'kutulutsa chithunzi cha pepala, n'kuwaonetsa Bambo uku akuloza kamera. Bambo anayasamula pakamwa. Supuni inalowa, yachiwiri inalowanso.

Ndinathamangira kuchipinda foni ili m'manja. "Akudya! Amayi, akudya!"

Onse awiri anandiyang'ana. Kenako maso awo anatsikira pa foni yanga, pomwe bedi lomwelo, bulangete lomwelo ndi nkhope zawo zomwe zinkaoneka. Bambo makutu analibe koma nzeru zinali zonse. Anayang'ana foni, anayang'ana kanyali, anayang'ana ine. Pakamwa panatsekeka, supu n'kutsikira pakhosi la malaya.

Chithunzi chinali chikadali m'manja mwa Amayi. Sanathe kuchibisa. Anali mng'ono wanga, atavala yunifolomu ya sukulu, akuseka ndi mano onse.

5

Tsopano ndifike pa wachitatu uja.

Mng'ono wanga ndinamulera ndine. Atamaliza sukulu ndinamutenga kuti azikhala kwanga akuphunzira zosoka. Ndinkamugulira nsapato, ndinkamuluka tsitsi, ndinkamusiyira makiyi a nyumba ndikamapita kumaphunziro a kuntchito. Ine ndi mwamuna wanga tinalibe mwana. Mng'ono wanga ndiye anamupatsa. Mimba itaoneka, anavomera onse awiri pabalaza panga, pa mipando yomwe ndinasankha ndekha.

Bambo anaimirira pamaso pa abale n'kulumbira kuti mwana ameneyo si wawonso, ndipo phazi lake lisadzapondenso pakhomo pawo. Awiriwo anasamukira kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Ine ndinanyamula masutikesi kubwerera kwa makolo, ndipo ndinanena mosapsatira kuti tsiku lomwe adzalowe pageti, ine ndidzatulukira pomwepo osabweranso. Papita zaka, mwana wawo ali pasukulu, koma mawu angawo sindinawabweze.

Tinatuluka m'chipinda cha odwala n'kukaima kukhitchini.

"Ofesi2 ndi iyeyo?"

Amayi anagwedeza mutu movomera. "Inali akaunti yanga, nthawi yomwe ndinkathandiza kuofesi ya shopu. Nambala yake yachinsinsi ndinali ndisanaiwale. Ndinamupatsa."

"Kumbuyo kwanga."

"Nanga kutsogolo kwako kukanatheka? Anamva kuti bambo ake agwa, anandiimbira akulira kuti abwere. Ndinamuletsa chifukwa cha iwe. Ukachoka iwe pano, ndani adziwe za mankhwala? Pafoni bambo ako samva. Ndiye ndinaona kanyali kaja, n'kuganiza kuti bola."

"Bambo anamukana yekha pamaso pa anthu!"

"Anamukana ndi pakamwa, mwanawe. Pakamwapo panafa. Tsiku loyamba ndinawaonetsa chithunzichi, n'kuloza kanyali, n'kuloza wotchi. Analira mpaka pilo kunyowa. Kuyambira pamenepo ankadya masana okha, mwana wawo akuwaona. Iye amasoka kufakitale, nthawi yopuma ndi imeneyo basi. Anzake akudya, iye amakhala pa foni."

"Ndiye masabata onsewa munangokhala chete, munthu akufa ndi njala?"

"Ndinkaganiza kuti makina aonongeka okha. Ndikanakuuza kuti akonzedwe chifukwa cha ndani?" Anandiyang'anitsitsa. "Kodi unatseka ndiwe?"

"Ndi ntchito yanga."

Amayi anakhala pansi pa simenti, miyendo tambalale, ngati munthu wobwera kutali. "Mutsegulire," anatero. "Sindikuti umukhululukire. Zimenezo ndi za iwe ndi Mulungu wako. Ndikuti bambo ako adye."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinatsegula nthawi yomweyo. Ayi. Ndinakalowa kuchipinda kwanga n'kudzikhomera. Chomwe chinkandiwawa sichinali mwamuna uja, ameneyo ndinamulira n'kumumaliza. Chinali chakuti ine amene ndinkasintha matewera, amene ndinkapempha tchuthi mpaka abwana kundida, sindinkatha kuwadyetsa Bambo supuni imodzi. Wakuba uja ankawadyetsa mbale yonse ali kutali, osadetsa ngakhale chala. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni ya mwana wamng'ono, ndipo ndinaisunga masiku angapo.

Mlongo wanga atamva anangoti, "Achemwali, ine za akazi inu sindilowerera," n'kubwerera ku zitsulo zake. Amuna ena kuthawa nkhani amakuyesa ulemu.

6

Dokotala anabweranso pakati pa sabata. Atatuluka m'chipinda anandikokera pakhonde.

"Thupi lafooka kwambiri. Ngati pali abale ofuna kuwaona, musazengereze."

Mawa lake m'mawa ndinafika kuofesi, n'kutsegula kompyuta ya kushopu ndisanavule n'komwe jekete. Ndinapita pa mndandanda wa ololedwa. Pansi pa dzina langa ndi la mlongo wanga ndinalemba ofesi2. Ndinasunga, ndinatseka. Kuyesa ngati zatheka sindikanatha, pasiwedi yake sindinkaidziwa, ndipo kuifunsa ndinkaona ngati kudzitsitsa.

Ndinawaimbira Amayi. "Muuzeni alowe masana ano."

"Mwana wanga," anatero. "Umuimbire wekha, akumve."

"Musandiwonjezere katundu, Amayi. Ndachita zomwe munapempha."

Tsiku limenelo ndinali ndi ntchito yophunzitsa antchito atsopano malamulo a makompyuta. M'chipinda chophunzitsiramo lamulo ndi langa lomwe: mafoni onse azime, aikidwe m'kabokosi pakhomo. Yanga inalowa m'kabokosi moyambirira, kupereka chitsanzo. Tinachedwa kuyamba, mafunso anachuluka, ndipo tinadumpha nkhomaliro kuti timalize kamodzi.

Zomwe zinkachitika kunyumba ndinazimva pambuyo pake. Amayi anawaonetsa Bambo chithunzi chija, n'kuloza wotchi, n'kugwedeza mutu kuti lero ndithu. Bambo analoza chibwano chawo, kufuna kumetedwa. Amayi anawameta, anawaveka malaya oyera a kolala, anawatsamiritsa pa mapilo kuti aoneke bwino. Anamwako ngakhale tiyi pang'ono. Nthawi itakwana anayang'ana pamwamba pa chitseko.

Kufakitale kuja mng'ono wanga analemba dzina ndi pasiwedi. Foni inamuyankha kuti sakuloledwa kulowa. Anayesanso. Anawaimbira Amayi, Amayi anaimbira ine, foni yanga ili m'kabokosi. Anaimbira mlongo wanga, iye anati za makompyuta sazidziwa, n'kuyamba kundiimbira nayenso. Amayi anaika foni pakhutu la Bambo, mng'ono wanga akukuwa kuti "Ababa, ndine, ndilipo!" koma makutu aja anali atapita kalekale. Maso awo sanachoke pa kamera.

Nditatuluka m'kalasi n'kuyatsa foni, inanjenjemera m'manja mwanga osaleka. Ndisanawerenge uthenga ngakhale umodzi, mlongo wanga anaimba.

"Achemwali, bwerani kunyumba. Mdala watisiya."

7

Ndinakhala pa masitepe a ofesi, anthu akundilambalala. Kenako ndinabwerera pa desiki, chifukwa mutu wanga umafuna kudziwa cholakwika ngakhale mtima utasweka. Pa ololedwa dzina linalipo, lolembedwa bwinobwino. Ndinatsegula mndandanda winawo. Ofesi2 anali pomwe ndinamusiya tsiku loyamba lija, pa oletsedwa.

Kompyuta imayamba yayang'ana oletsedwa. Ikakupeza pamenepo, siipitanso kukaona ngati kwinako walembedwa. Dzina likakhala pawiri, kuletsa ndiko kumapambana. Ili si phunziro lozama ayi, ndi loyambirira penipeni pa ntchito yanga, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditaima kutsogolo kwa anthu n'kuwafotokozera zimenezi.

Mng'ono wanga anafika mawa lake ndi basi yoyamba. Palibe anamuletsa pageti, ndipo ine sindinatuluke monga ndinalumbirira. Anali atawonda, tsitsi layamba imvi, zala zili ndi zipsera za singano. Masiku onse a maliro tinkazembana ngati anthu obwerekana chinthu n'kuchiononga. Anthu atabalalika, anandipeza kukhitchini ndikutsuka makapu.

"Achemwali."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamve zaka zonsezi. Sindinatembenuke.

"Zomwe ndinakuchitani sindingazichepetse, ndipo sindinabwere kudzapempha kuti muiwale. Amayi andiuza kuti munatsegula, koma panatsala pena pomwe simunafufute. Ndingofuna ndidziwe chimodzi, kuti ndidziwe kalilidwe kake. Munaiwaladi?"

Madzi ankatuluka pampopi, kapu ili m'manja mwanga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti inde, ndinaiwala, ndinali wotopa, ndinali pa changu. Zonsezo ndi zoona. Koma mawu sanatuluke. Anadikira, anadikira, kenako anapukuta manja pa siketi ngakhale sanagwire madzi, n'kutuluka. Mawa lake anakwera basi.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mwandiweruza kale, ndipo sindikutsutsani. Ena mwa inu muli ndi m'bale amene munamutsekera kunja pa chifukwa chomveka, chomwe aliyense angakuvomerezeni. Changanso chinali chomveka. Ine sindine woti ndikuuzeni kuti khululukani, poti ineyo sindinafikepo. Ndingokutsinani khutu pa chimodzi: mukaganiza zomutsegulira munthu, musatsegule ndi dzanja limodzi linalo likugwirabe chitseko. Muimbireni, mufunseni ngati walowa, mudikire mpaka ayankhe. Kuimba kumeneko ine ndinakuona ngati kugonja, ndipo bambo anga anafa atavala malaya oyera, akudikira.

Ndikanakhala kuti ndinachita dala, bwenzi nditagwada n'kupepesa, mwina n'kupepukidwa. Ndikanakhala wotsimikiza kuti ndinaiwala, bwenzi nditadzikhululukira monga timachitira ndi ngozi. Koma pa zaka zonse za ntchito yanga, cholakwa chimenechi sindinachichitepo kwa munthu wina aliyense, ngakhale kwa amene sindimudziwa nkhope. Ndinachichita kamodzi kokha, kwa iye.

Mng'ono wanga amawaimbira Amayi Lamlungu lililonse, ndipo asanadule amafunsa ngati achemwali anenapo kanthu. Amayi amandiyang'ana, ine ndimayang'ana pansi. Sikuti ndikumumana yankho. Ndalifunafuna mwa ine ndekha, ndipo sindikulipeza.